Kudzutsa Zolemba Zogona m'Madisiki Akale

Pamene makompyuta a m'nyumba anayamba kufala m'zaka za m'ma 1980, eni ake, poopa kuti ntchito ya manja awo ingaonongeke tsiku limene makina adzafa, ankakopera zolemba zawo pa timadisiki totchedwa floppy, natiika m'mabokosi ndi mtima wokhazikika, monga mlimi amene wamata nkhokwe yake nagona tulo. Koma iwo amene atsegula mabokosiwo lero apeza kuti pakati pa iwo ndi chuma cha makolo awo paima zitseko zitatu.

Chitseko choyamba ndicho disiki yeniyeniyo, pakuti m'kati mwa chikuto chake muli kapulasitiki kozungulira kopakidwa fumbi la maginito, limene chinyezi, chuku ndi kutentha zimalidya pang'onopang'ono, kunja kukuoneka bwinobwino. Chachiwiri ndicho makina owerengera: makompyuta a Apple II ndi Commodore 64 ankalemba mwa njira yosiyana ndi ya makompyuta a IBM, kotero kuti kamakina ka USB kogulitsidwa masiku ano, kamene kadziwa madisiki a mainchesi 3.5 a mtundu wa IBM okha, sikangathe kuwawerenga. Chachitatu ndicho pulogalamu, popeza lamulo la BACKUP la MS-DOS, kuyambira 1987, linkamanga mafayilo mtolo umodzi ndi kuugawa pa madisiki otsatana, ndipo womasula mtolowo anali mnzake RESTORE. Disiki imodzi ikasowa, fayilo imene inadukira pamenepo imatsala yopunduka.

Chifukwa chake akatswiri sathamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayamba atchinjiriza disikiyo kuti isalembedwenso, napukuta chuku mosamala, kenaka, pogwiritsa ntchito kachipangizo konga KryoFlux kapena Greaseweazle, amakopera maginito onse monga momwe agonera, asanafunse n'komwe tanthauzo lake. Ndipo kuyambira pamenepo amagwira ntchito pa kope lija, mothandizidwa ndi pulogalamu yotsanzira kompyuta yakaleyo, disiki yokalamba ikupumula.

Umu ndimo zinachitikira ku Pittsburgh, kumene madisiki a mmisiri wa zojambula Andy Warhol, amene anajambula pa kompyuta ya Amiga mu 1985, anakhala chigonere m'nyumba yosungira ntchito zake kufikira a kalabu ya makompyuta ya pa Carnegie Mellon University anawawerenga. Atakopera maginito, anapeza kuti mafayilowo sankatseguka m'mapulogalamu odziwika, nayamba kufufuza kamangidwe kake kufikira zithunzi zinatuluka, pakati pake chitini cha supu ya Campbell's ndi Venus wa maso atatu. Dziko linaziona mu 2014.

Tsono amene ali ndi bokosi lotere asazengereze, ndipo wopulumutsa mafayilo ake awasamutsire m'malo awiri kapena atatu, mu mtundu umene makina a lero awerenga, nachite chomwecho pakapita zaka. Pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.