NJINGA YANU M'NYENGO YA DZINJA

Kwa inu eni mabanja a ku Chipasula ndi a m'midzi ya kwa Tsabango, amene mukwera njinga mamawa kunka ku msika kapena ku nchito.

Akuru anati, walira mvula walira matope. Mlimi akondwera pakuona mitambo yoyamba, pakuti adziwa kuti cimanga cace cidzamera. Koma mvula yomweyo imene imeretsa mbeu ndiyonso isandutsa njira kukhala phala. Kuno ku Lilongwe mvula iyamba m'November kapena m'December, nileka ca m'April, ndipo icuruka koposa m'January ndi m'February. Miyezi imeneyi ndiyo njinga ifunika kwambiri: kukatenga thumba la feteleza, kupita nazo ndiwo zamasamba ku msika wa ku Area 23 kapena ku msika waukuru wa m'tauni, ndi kunyamula mwana wodwala malungo kunka naye ku cipatala ca ku Kawale kapena ku Bwaila. Miyezi yomweyonso ndiyo ndalama isowa m'nyumba, popeza za m'nkhokwe zatha ndipo za m'munda sizinace. Cifukwa cace njinga ikathyoka m'February, kawiri kawiri ikhala yotsamira khoma kufikira nthawi yokolola, ndi mwini wace ayenda pansi.

Mau a kalata iyi ndi awa: mvula yokha siipha njinga, cimene ciipha ndico matope ogona pa iyo usiku. Mlimi wanzeru sasiya khasu lace ndi dothi, koma alipala asanalowe nalo m'nyumba. Muzicita comweco ndi njinga.

CIMENE MATOPE ACITA

M'dothi la katondo muli mcenga wosalala, wosaoneka bwino ndi maso. Mcenga umenewu ukagwera pa unyolo wa njinga, umene ambiri auchula cheni, usanganikirana ndi mafuta, nukhala ngati mwala wonolera mpeni. Pakupalasa inu, mwala umenewo upera timisomali tolumikiza unyolo, pang'ono pang'ono, kufikira unyolo utalika. Anthu amati watamuka, koma citsulo sicinatamuke ai, cadyeka. Tsono unyolo wodyeka sukhalanso bwino pa mano, ndipo uyamba kudya mano a fuliwilo ndi a gudumu lalikuru la zopalasira, mpaka akhala okowa ngati minga ya kankhande. Potero munthu amene anakaniza njinga yace madontho a mafuta agula zitsulo zitatu pa tsiku limodzi.

Dzimbiri nalonso licita nchito yace. Citsulo cikakomana ndi madzi ndi mpweya cicita dzimbiri, ndipo matope asunga cinyezi pa citsulo usiku wonse, angakhale mvula inaleka masana. Makande a m'dambo ndiwo oipa koposa, pakuti amatirira pakati pa tayala ndi madigadi kufikira gudumu likana kuzungulira. Ndiponso pakati pa gudumu liri lonse, m'habu, muli timipira tacitsulo tozungulira m'girisi. Madzi akalowamo acotsa girisi, timipira ticita dzimbiri, ndipo mudzamva gudumu lirikukukuta.

NCHITO YA MADZULO

Nchito iyi siitenga nthawi yoposa imene madzi a nsima atenga kuti afunde. Muziicita tsiku liri lonse limene njinga yapita m'matope.

1. Palani matope ndi kamtengo, makamaka m'kati mwa madigadi, pa mabuleki ndi pa mano a unyolo. Mukatero tsukani ndi kansanza ndi madzi a m'ndowa. Musamize njinga mumtsinje, ndipo musakhuthulire madzi pa mahabu.

2. Pukutani ndi nsanza youma, kuyambira unyolo.

3. Donthezani mafuta pa mfundo iri yonse ya unyolo, dontho limodzi limodzi, muli kutembenuza zopalasira. Pambuyo pace pukutani otsala kunja. Mafuta agwira nchito m'kati mwa mfundo. Amene ali kunja angoitana mcenga. Oilo wa galimoto watsopano ndiye wabwino. Wa makina osokera athandiza, koma ali wopyapyala, ndipo mvula imcotsa msanga. Mafuta ophikira musathire, pakuti auma nakhala ngati ulimbo. Cenjerani kuti mafuta asagwere pa tayala kapena pa mkombero, cifukwa aononga mphira, naletsa mabuleki kugwira.

4. Ikani njinga pansi pa denga losadontha, pamalo pouma.

Kamodzi pa mwezi tsukani unyolo ndi parafini ndi mswaci wakale, muuyanike, nimuthire mafuta atsopano. Pamenepo muuyesenso kulimba kwace: pougwira pakati, uyenera kukwera ndi kutsika monga kunenepa kwa cala cimodzi. Wolimba kopambana udya timipira ta m'habu. Wolobodoka ugwa pa citunda, pamene mwauponda ndi mphamvu.

MABULEKI

Njinga zambiri za kuno, monga Hero, Humber ndi Phoenix, ziri ndi mabuleki a ndodo zacitsulo, amene timphira tace tigwira mkombero wa gudumu, umene amisiri ati limu. Mkombero wacitsulo ukanyowa uterera, ndipo pogwira buleki timphira tiyamba tapukuta madziwo tisanagwire citsulo. Ndico cifukwa cace njinga imene iima pomwepo m'cilimwe ipitirira mtunda ndithu m'mvula. Cotero yambani kugwira buleki patali, pang'ono pang'ono, kuti mkombero uume musanafike pofunika kuima, makamaka potsetsereka kunka ku mlato. Gwirani mabuleki onse awiri pamodzi. Yakutsogolo yokha pa matope idzakugwetsani. Njinga ya Buffalo iri ndi buleki m'kati mwa habu ya kumbuyo, yogwira pobweza zopalasira, ndipo mkombero wonyowa suibvuta. Komatu nayonso tayala lace literera pa makande.

Mcenga udya timphira msanga m'dzinja. Muzitiyang'ana sabata ndi sabata, ndipo tikapyapyala gulani tina citsulo cisanayambe kukanda mkombero. Ena aleka mabuleki afe, namaimika njinga poponda tayala ndi nsapato. Munthu wotere, atanyamula mwana kumbuyo, alikusewera ndi moyo wosati wace wokha.

MATAYALA NDI CUBU

Njinga ya magudumu awiri olingana ndi unyolo, monga tiidziwa lero, anaikonza John Kemp Starley ku Coventry caka ca 1885. Ndipo caka ca 1887 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapangira kanjinga ka mwana wace tayala lopopa mpweya. Kuyambira pamenepo cimene cinyamula wokwera ndi katundu wace ndico mpweya, ndipo mpweya sugulidwa. Tayala lopopa bwino liyenda mopepuka. Tayala lofewa lilemetsa miyendo, ling'ambika m'mbali, ndipo pogunda mwala mkombero utsina cubu, nuboola mabowo awiri oyandikana ngati mano a njoka. Mamawa muli monse tsinani tayala ndi cala cacikuru; likabonyoka, popani.

M'dzinja matayala aphulika kawiri kawiri pa zifukwa ziwiri. Madzi akokolola minga, mabotolo osweka ndi timawaya, nazisiya m'mphepete mwa mseu momwe njinga ziyenda; ndipo tayala lonyowa licekeka msanga koposa louma, monga mpeni wonyowa ulowa bwino pa mphira. Cifukwa cace musacoke pakhomo opanda pampu, zigamba, solushoni ndi sipanala.

Pomata cubu citani motere. Cipopeni, mucimize m'madzi kuti muone poturuka thobvu. Pukutani paume ndithu, mupakande ndi sandipepa kapena mwala wokhakhala, nimupake solushoni wopyapyala. Tsono lindani. Apa ndipo ambiri alakwa, pakuti afulumira kuika cigamba solushoni akali wamadzi, ndipo cigamba cimatuka asanafike ku Mchesi. Lindani kufikira waleka kunyezimira, pamenepo ikani cigamba ndi kucikanikiza kolimba. Musanabwezere cubu, yendetsani zala mosamala m'kati mwa tayala monse, kuti mupeze munga umene unaboola, mukausiya udzaboolanso. Ndipo mpweya ukamaturuka koma bowo losaoneka, pakani malobvu pakamwa pa vavu. Pakacita thobvu, kamphira ka m'vavu ndiko katha, ndipo ndi kotsika mtengo.

MASIPOKO NDI KATUNDU

Njinga zambiri za mtundu wakale ziri ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, popeza kulemera kuli kumbuyo. Masipoko agawana katundu monga anthu onyamula denga la nkhokwe. Mmodzi akaleka, oyandikana naye alemedwa. Momwemo sipoko imodzi ikaduka, zinzace zitsata, ndipo gudumu lipindika. Musalinde yaciwiri, pitani nayo kwa mmisiri tsiku lomwelo.

Thumba la feteleza lilemera makilogalamu 50. Opanga njinga ya Buffalo anena kuti pa kaliyala pace pakhoza kusenza makilogalamu 100, ndiwo matumba awiri. Koma njinga zina sizifika pamenepo, ndipo cimene njinga isenza pa mseu wouma siisenza m'maenje a dzinja. Pofika pa matope akuya tsikani, mukankhe. Mangani katundu pakati ndi pansi, kuti asapendeke, ndipo mumfunde ndi pulasitiki, pakuti feteleza wa urea asungunuka akanyowa, ndi ufa ucita nkhungu.

Copalasira cikayamba kugogoda pa kuponda kuli konse, kotapini ndiye wamasuka. Mkhomeni pang'ono ndi nyundo kumutu kwace, ndipo pambuyo pace mangani nati. Mukakoka ndi nati yokha mudzadula mazinga ace. Dziwaninso kuti pedulo ya kumanzere imangidwa mobwerera, kosiyana ndi zomangira zambiri; ambiri aiononga posadziwa ici.

PA MSEU

M'dziko muno tiyenda ku dzanja lamanzere. Mvula ikamagwa, woyendetsa galimoto saona bwino, pakuti galasi lace licita nkhungu, ndipo munthu wobvala zakuda pa njinga yakuda aoneka atafika kale pafupi. Bvalani coyera kapena cowala, pukutani conyezimira cofiira ca kumbuyo, khalani ndi nyali ngati mucoka kusanace kapena kubwera kutada, ndipo belu lilire. Musapalase ndi ambulera m'dzanja, pakuti dzanja limenelo ndi la buleki, ndi mphepo ikankha ambulera pamodzi ndi mwini wace. Jasi la mvula, kapena nsaru ya amai okhala kumbuyo, zisalendewere pafupi ndi masipoko. Zobvala za ku nchito muziike m'jumbo, mukabvale mutafika.

Cithaphwi ca pa mseu musacikhulupirire. Pansi pace pakhoza kukhala dzenje lothyola foloko, kapena ngalande yosabvundikira. Pakakhala ziphaliwali, tsikani mulowe m'nyumba kapena m'sitolo. Musabisale pansi pa mtengo wautali woima wokha, ndipo musayese kuti matayala a njinga achinjiriza munthu ku mphezi, sacita tero.

MADZI OSEFUKIRA

Cotsala ndico cacikuru koposa zonse. Inu a ku Chipasula mukumbuka mwezi wa December caka ca 2017, pamene madzi anasefukira ku Chipasula, Kaliyeka, Kawale ndi Biwi, nagwetsa nyumba, ndipo anthu ena anataya moyo. Timitsinje ta kuno tioneka tofatsa m'cilimwe, mwana akhoza kutilumpha; koma madzi saiwala khwawa. Mzinda wakula kuyambira 1975, pamene Lilongwe anakhala likuru la dziko, ndipo pamene panali chire lomwa madzi tsopano pali malata ndi mabwalo ouma. Mvula yogwa pa malata siilowa pansi. Ithamangira ku khwawa yonse nthawi imodzi, nipeza ngalande zotsekeka ndi zinyalala. Cotero mtsinje udzala m'kanthawi kocepa, ngakhale pamene muli inu pasanagwe dontho, popeza yagwa kumtunda.

Madzi othamanga ofika m'maondo akhoza kugwetsa mwamuna wamphamvu. Wokankha njinga ali pa tsoka loposa, cifukwa madzi agunda magudumu ndi katundu monga mphepo igunda citseko, ndipo munthu sataya njinga msanga, pakuti ndi cuma cace. Aigwiritsa, napita nayo pamodzi. Cifukwa cace lamulo la pa banja panu likhale ili: madzi akakwera pamwamba pa mlato, kapena mukalephera kuona pansi, palibe aoloke, kaya ndinu, kaya mnyamata wa kabaza amene wanyamula mkazi wanu. Madzi otere atsika msanga monga anakwera. Lindani, kapena zungulirani ku mlato waukuru. Tomato wofika mocedwa ku msika atsika mtengo, koma mawa mudzathyola wina.

Njinga ikamira m'madzi, musangoipukuta kunja. Pitani nayo kwa mmisiri atsegule mahabu ndi pakati pa zopalasira, acotse mcenga, naike girisi watsopano.

KUKONZEKERA

Monga mufolera nyumba ndi kugalauza mizere mvula isanagwe, momwemo njinga ikonzedwe m'October, ndalama ya zokolola isanathe. Pamenepo gulani timphira ta mabuleki, cubu cimodzi capadera ndi kabotolo ka oilo, ndipo mmisiri aike girisi ndi kuongola magudumu. Phunzitsaninso ana anu, anyamata ndi asungwana omwe, kutsuka unyolo ndi kumata cubu, pakuti iwo ndiwo aikwera kunka ku sukulu ndi ku cigayo. Ndipo iye amene wabwera nayo njinga madzulo, yemweyo aipale matope asanakhale pa mphasa kudya nsima.