Kupeta Nsalu ndi Makina: Mwayi wa Amisiri a ku Salima

Aliyense amene anafikako ku Senga Bay m'boma la Salima adziwa kuti kumeneko kuli anyamata aluso pa kujambula ndi kusema. Iwo amajambula nkhwazi, chambo, mbuna ndi asodzi ali m'bwato, nagulitsa zithunzizo kwa alendo ofika kunyanja. Koma alendo omwewo amagulanso zipewa ndi malaya opetedwa, ndipo sukulu ndi makwaya amafuna mabaji. Kodi n'chiyani chimene chiletsa chithunzi cha mmisiri wa ku Salima kukhala pa chipewa kapena pa baji?

Poyamba tiyenera kumvetsa kuti makina opetera nsalu saona chithunzi monga munthu aonera. Iwo amatsata malangizo olembedwa m'failo ya kompyuta, onena pamene singano ilowe, pamene ilumphe, ndi pamene ulusi usinthidwe. Nzeru imeneyi ndi yakale. M'chaka cha 1804, Joseph Marie Jacquard wa ku France anakonza makina oombera nsalu oyendera makadi oboola, ndipo opeta nsalu anatengera njira yomweyo mpaka makompyuta atafika. Lero ntchito yosandutsa chithunzi kukhala malangizo otere imachitika ndi pulogalamu ya pakompyuta.

Apa ndi pamene panali chopinga. Mapulogalamu otchuka, monga a kampani ya Wilcom ya ku Australia, mtengo wake ndi madola mazanamazana, ndipo ndalama zakunja n'zosowa m'dziko muno. Motero telala, ngakhale atapeza makina, amayenera kulipira munthu wina kuti amkonzere failo ya baji iliyonse.

Tsono ilipo pulogalamu yaulere yotchedwa Ink/Stitch. Imagwira ntchito m'kati mwa pulogalamu ina yojambulira, Inkscape, imene inayamba m'chaka cha 2003, nayonso yaulere. Zonse ziwiri zimakonzedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ndipo malamulo ake amalola munthu aliyense kuzikopera ndi kugawirako anzake popanda mlandu. Zimayenda pa Windows, pa Linux ndi pa macOS, ndipo munthu akazitenga pa intaneti kamodzi, angathe kuzigwiritsa ntchito popanda intaneti.

Ntchito yake imayenda motere. Mmisiri amalowetsa chithunzi chake m'kompyuta, nalondola mizere yake yonse mu Inkscape. Kenaka amasankha msoko woyenera mbali iliyonse: msoko woyenda wa mizere yopyapyala, msoko wothithikana wa malembo ndi m'mphepete, ndi msoko wodzaza wa malo otakata monga phiko la nkhwazi. Amasanja mitundu ya ulusi kuti makina asamaimeime, naonerera pa kompyuta mmene singano idzayendere. Pomaliza amasunga failo mwa mtundu umene makina ake amawerenga: DST ya makina a Tajima, PES ya Brother, kapena JEF ya Janome.

Komatu awerengi asanyengedwe ndi mawu akuti ulere. Pulogalamu imachotsa mtengo, koma siichotsa kufunika kwa luso. Ulusi si utoto. Mbuna ya mawanga ambiri iyenera kuchepetsedwa mitundu kuti ioneke bwino pa nsalu. Malembo aang'ono kwambiri amafufutika. Misoko ikachuluka pamalo amodzi nsalu imakwinyika, singano nkuthyoka. Ikachepa, nsalu imaonekera pansi. Izi munthu amaziphunzira mwa kupeta ndi kusomola kangapo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiponso makina, ulusi ndi magetsi zonse n'zolipira.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma. Makina amodzi angathe kutumikira amisiri ambiri, ngati aliyense abwera ndi failo yake yokonzeratu. Chofunika ndi malo ophunzirira, ndipo Salima sakusowa maziko. Kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Salima Technical College. Liripo bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti liyang'anire maphunziro a luso. Ndipo kuyambira 2021 bomali lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka. Masomphenya a Malawi 2063 amanena za kutukula mafakitale, ndipo mafakitale ena amayambira pa tebulo la telala. Mphunzitsi amene sukulu yake ili ndi makompyuta angathe kuika mapulogalamu awiriwa popanda kupempha ndalama kwa aliyense.

Mawu otsiriza ndi a umwini. Chithunzi chikasanduka failo, chingathe kupetedwa kambirimbiri mwini wake osadziwa. Lamulo la umwini wa ntchito za luso la 2016 limateteza zojambula, ndipo bungwe la COSOMA liripo kuthandiza eni ake. Mphunzitsi wamkulu amene atenga chojambula cha wophunzira kukhala baji ya sukulu ayenera kupempha chilolezo ndi kutchula mwini wake. Mmisiri nayenso apangane ndi telala, makamaka mwa kulemba, ngati akugulitsa failo yonse kapena akulola zipewa zowerengeka chabe. Zikatero, ndalama za chipewa chogulidwa ku Senga Bay zidzafika m'thumba la amene anajambula nkhwazi ili pamenepo.