Tisaimike Kalavani Osapinga Matayala

Kalavani yogonamo anthu apaulendo ndi nyumba ndithu, koma nyumba yokhala pa matayala. Tikangoimasula ku galimoto, mabuleki a galimotoyo saigwiranso. Ngakhale pamalo pooneka posalala, kamtsetse kakang'ono, mphepo yamkuntho, kapena ana othamanga m'kati mwake angathe kuisuntha. Ikayamba kutsetsereka palibe munthu angaiimitse ndi manja.

Chifukwa chake tiyenera kupinga matayala tisanaimasule. Chipika choyenera ndi cha mtengo wolimba kapena cha mphira, chokhuthala mbali ina ndi chopyapyala mbali inzake. Tichikankhire mpaka chigwire tayala, china kutsogolo china kumbuyo, mbali zonse ziŵiri za kalavani. Mwala wobulungira umaterereka, ndipo njerwa imanyenyeka. M'dzinja, nthaka ikafeŵa, tiziyamba tayala thabwa pansi.

Tisadalire miyendo ya m'ngodya. Ntchito yake ndiyo kuchepetsa kugwedezeka basi. Kalavani ikasuntha miyendoyo imapindika.

Ponyamuka tiyambe tamangirira kalavani ku galimoto, ndipo pambuyo pake tichotse zipika. Ife makolo tiwauze ana momveka kuti zipikazo si zoseŵeretsa, pakuti mwana wozichotsa ndiye amakhala pafupi ndi tayala.