Mbiri ya Nina Simone, Mmisiri wa Piyano

Abale athu a ku migodi ndi ku mapulazi, ambiri a inu mukonda nyimbo za jazz, koma ndi owerengeka amene adziwa mabvuto a eni ace a nyimbozo. Lero tikuuzani za mai wina wakuda wa ku America, amene mbiri yace iri ndi phunziro kwa munthu ali yense wodya thukuta lace kutali ndi kwao.

Dzina lace lobadwa nalo linali Eunice Waymon. Anabadwa pa 21 February 1933 m'mudzi wa Tryon, ku North Carolina, ndipo anali wacisanu ndi cimodzi mwa ana asanu ndi atatu. Amai ace anali mlaliki wa mpingo wa Methodist, nagwiranso nchito m'nyumba za Azungu. Mwanayo anayamba kuliza piyano ali wamng'ono ndithu, ndipo posacedwa ndiye anali kutsogolera nyimbo m'calici. Anthu a m'mudzimo, akuda ndi oyera omwe, poona mphatso yace anasonkha ndalama kuti aphunzire kwa dona wina wa ku England, Muriel Mazzanovich. Donayo ndiye anamphunzitsa nyimbo za Johann Sebastian Bach wa ku Germany.

Pano tiyenera kulongosola kusiyana kwa nyimbo ziwirizi. Nyimbo za akatswiri akale a ku Ulaya ziri zolembedwa pa pepala, liu liri lonse m'malo mwace, ndipo kawirikawiri woliza saonjeza kapena kucotsa kanthu. Bach makamaka anakonda kuti dzanja lamanja liyambe nyimbo, lamanzere nkuilondola pambuyo, monga anthu awiri oyenda m'njira imodzi namakambirana. Jazz inabadwa mwa anthu akuda a ku New Orleans, ndipo mwambo wace ngwina: woliza atenga nyimbo yodziwika naipotoza monga mtima wace umuuza nthawi yomweyo.

Tsankho la khungu analiona ali buthu. Tsiku loyamba kuliza pamaso pa khamu, makolo ace anacotsedwa pa mipando ya patsogolo kuti pakhale Azungu. Mwanayo anakana kukhudza piyano kufikira atate ndi amai ace atabwezedwa m'malo mwao.

Cikhumbo cace cinali cakuti akhale katswiri wa nyimbo za ku Ulaya. M'caka ca 1950 anaphunzira miyezi yowerengeka pa sukulu ya Juilliard ku New York, ndipo mu 1951 anayesedwa mayeso olowera pa Curtis Institute ku Philadelphia, sukulu yosalipitsa. Anamkana. Iye anakhulupirira moyo wace wonse kuti anakanidwa cifukwa ca khungu lace, ngakhale eni sukulu anatsutsa mau amenewo.

Njala siidziwa maphunziro. Mu 1954 anapeza nchito yoliza piyano m'nyumba ya mowa ku Atlantic City, pa malipiro a madola 90 pa sabata. Mwini nyumbayo anamuuza kuti akafuna kukhalitsa pa nchito aziimbanso ndi pakamwa. Poopa kuti amai ace angamve kuti mwana wa mlaliki aimbira oledzera, anadzicha dzina lina, Nina Simone. M'nyumba ya mowa imeneyo ndimo munabadwira luso lace: popeza zala zace zinazolowera Bach, anali kuti akafika pakati pa nyimbo ya jazz, manja ace awiri nkuyamba kulondolana monga mwa Bach, mau ace akuya ali kuimba pamwamba. Umboni wace umveka bwino m'nyimbo ya "Love Me or Leave Me". Iye mwini sanakonde kuti nyimbo zace zichedwe jazz.

Tsono imvani cinthu cimene cinamliza zaka zambiri. Mbale yace yoyamba inaturuka ku kampani ya Bethlehem Records, ndipo mu 1959 nyimbo ya "I Loves You, Porgy" inachuka m'America monse. Koma iye anali atalemba kale dzina lace pa kalata ya cipangano, nagulitsa zonse pa madola 3,000 okha. Phindu lalikuru linapita kwa ena. Mu 1987 nyimbo yina ya m'mbale yomweyo inachukanso ku Britain, patapita zaka pafupi 30 ciimbire. Inu amene mudinda cala pa makalata a nchito, kumbukirani kuti ngakhale wophunzira agwa m'mbuna akasaina cosawerenga. Funsani wodziwa kuwerenga musanadinde.

Mu 1963 Medgar Evers, mtsogoleri wa anthu akuda, anaomberedwa ku Mississippi, ndipo atsikana anai anafa ndi bomba m'calici ku Birmingham, Alabama. Mkwiyo wa imfa zimenezi unamsandutsa wopeka nyimbo zomenyera ufulu, ndipo mu 1964 anaimba yodzudzula Mississippi m'nyumba yaikuru ya Carnegie Hall. Nyumba zina za wailesi za kumwera zinakana kuiliza.

Atatopa ndi dziko lace anacoka, nakhala ku Barbados, ndipo mu 1974 anapita ku Liberia poitanidwa ndi bwenzi lace Miriam Makeba wa ku South Africa, amenenso anali kukhala kunja kwa dziko la kwao. Pambuyo pace anakhala ku Switzerland, ku Netherlands ndi ku France, ali kubvutika ndi nthenda ya maganizo ndi kusowa ndalama nthawi zina, koma piyano sanaileke.

Anamwalira pa 21 April 2003 ku Carry-le-Rouet, ku France, ali ndi zaka 70. Atatsala masiku awiri kuti amwalire, anamva kuti sukulu ya Curtis, yomwe inamkana mu 1951, idzampatsa digiri yaulemu.