Mfuti za airsoft: katundu yemwe angamangitse woitanitsa

Khirisimasi ikamayandikira zidole zimayenda malonda, ndipo mfuti zapulasitiki sizichedwa kutha pa mabenchi a ku Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu. Zopopera madzi ndi zamitundu yowala zija sizivuta. Zofunika kuziganizira kawiri wamalonda asanatumize ndalama ndi mfuti za airsoft, zomwe masitolo a kunja amatsatsa pa intaneti.

Mfutizi zidayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Zimatulutsa timipira tapulasitiki ta mamilimita 6 pogwiritsa ntchito sipuling'i, batire kapena gasi. Ozipanga amatengera mfuti zenizeni monga AK-47 ndi Glock, kukula kwake, mtundu wake, zina mpaka thupi lachitsulo. Kufananako n'komwe kumakopa ogula, komanso n'komwe kumadzetsa milandu.

Amene amapikula katundu ku Guangzhou ndi Yiwu ayenera kuidziwa nkhani ya Liu Dawei. Mu 2014, mnyamatayu ali ndi zaka 18, adaitanitsa mfuti zoyerekeza 24 kwa wogulitsa wa ku Taiwan kudzera pa intaneti. Katunduyo sadafike n'komwe m'manja mwake chifukwa adagwidwa panjira. Ataziyeza, akuluakulu adati 20 mwa izo ndi mfuti malinga ndi muyeso wa dziko la China, womwe umati chilichonse chotulutsa chipolopolo ndi mphamvu ya ma joule 1.8 pa sikweya sentimita ndi mfuti. Mu 2015 khoti la ku Quanzhou lidamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse pa mlandu wolowetsa zida mozemba. Anthu adadandaula kwambiri, mlandu udazengedwanso, ndipo mu Disembala 2018 chilango chidatsitsidwa kufika pa zaka 7 ndi miyezi itatu. Zakazo n'zambiribe kwa munthu amene ankati akugula zoseweretsa.

Chovuta n'chakuti dziko lililonse lili ndi muyeso wake. Ku Hong Kong, komwe kuli masitolo ambiri a airsoft, malire ndi ma joule 2. Ku Britain lamulo la 2006 limaletsa kuitanitsa kapena kugulitsa mfuti yoyerekeza yooneka ngati yeniyeni, pokhapokha pali chifukwa chovomerezeka monga masewero okhala ndi inshuwalansi kapena kujambula filimu. N'chifukwa chake kumeneko zambiri amazipaka utoto wowala, ndipo sagulitsa kwa wosakwana zaka 18. Ku America zobwera kuchokera kunja zimayenera kukhala ndi kansonga ka olenji kukamwa kwake. Tsono mawu akuti katunduyu ndi wololedwa, olembedwa pa tsamba la wogulitsa, amanena za kwawo kwa wogulitsayo. Sakunena za pa Songwe, Mwanza, Dedza kapena bwalo la ndege la Kamuzu.

Kuno kumudzi mfuti ndi zipolopolo sizilowa popanda chilolezo cha apolisi, ndipo a MRA ali ndi mphamvu yogwira katundu amene akumukayikira. Pa makina ounikira katundu, airsoft yachitsulo imaoneka ngati mfuti basi. Wamalonda asadabwe katoni ikatsala pa chipata kudikira kuti apolisi aione, pomwe ndalama ya mpamba, mwinanso yakatapila, yagona momwemo ndipo nyengo ya malonda ikudutsa.

Ogulitsa ena amalonjeza kulemba pa katoni kuti muli zidole za ana kapena zipangizo zapulasitiki, ena amaphwasula mfutiyo n'kuitumiza m'zidutswa. Apa m'pamene munthu amadziika yekha m'madzi otentha. Kulemba zabodza pa mapepala a kasitomu ndi mlandu pawokha, katundu amatha kulandidwa, ndipo woyankha mafunso ndi amene dzina lake lili pa mapepalawo. Wogulitsa uja amakhala ali kutali, ndalama adalandira kale. Amene amaphatikiza katundu m'kontena imodzi ndi anzawo azikumbukira kuti katoni imodzi yokayikitsa itha kuchedwetsa katundu wa gulu lonse.

Mayendedwe nawo ali ndi zawo. Makampani onyamula katundu mwachangu monga DHL salandira mfuti zoyerekeza, m'ndege saloleza kukwera nazo m'chikwama cham'manja, ndipo mabotolo a gasi ndi mabatire a lithium ali m'gulu la katundu woopsa.

Ngakhale italowa bwinobwino, nkhani siithera pa chipata. Wogula akakaopsezera nayo munthu usiku, apolisi adzafuna kudziwa komwe adaigula. Ku South Africa kuloza munthu ndi chinthu chomwe angachiyese mfuti ndi mlandu. Ku Cleveland, m'dziko la America, wapolisi adawombera ndi kupha Tamir Rice, mwana wa zaka 12, mu 2014 akusewera ndi mfuti ya mtunduwu yomwe idalibe kansonga ka olenji kaja.

Wofunitsitsa malondawa ayambe wapita ku polisi ndi ku MRA atanyamula chithunzi cha mfutiyo, dzina lake ndi mphamvu yake m'ma joule, ndipo yankho alilandire lolembedwa pa pepala asanalipire kobiri. Lapakamwa silithandiza pa chipata, poti amene adzatsegule katoniyo ndi wina.