Momwe wachinyamata amayambira ntchito ya ulangizi wa fodya ku Tsangano ndi Macanga

Imodzi mwa ntchito zolembedwa zomwe wachinyamata wa ku Tsangano kapena ku Macanga angazipeze osachoka kwawo ndi ya ulangizi m'minda. Kampani yaikulu kuderali ndi Mozambique Leaf Tobacco, nthambi ya Universal Corporation ya ku America, yomwe ili ndi fakitale yokonzera fodya mumzinda wa Tete. Kampaniyi imadalira alimi ang'onoang'ono: imawakongoza mbewu ndi feteleza, iwo n'kulima fodya wa bale, ndipo ngongole imadulidwa pa tsiku logulitsa. Pakati pa kampani ndi mlimi pamaima mlangizi, yemwe pa Chipwitikizi amati técnico.

Ofuna ntchitoyi amayamba aphunzira zaulimi, ena ku Fonte Boa m'boma la Tsangano lomwelo, ena ku nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya Zambeze ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Akatero amafunika nthawi yophunzirira ntchito pamalo, yotchedwa estágio, yomwe boma la Mozambique linaikhazikitsira malamulo m'chaka cha 2013.

Wophunzira ntchito amatsatira mlangizi wamkulu, ndipo fodya ndiye amalamula zochita. Cha mu Seputembala ndi Okutobala amayendera manazale, kuona ngati mbande zikuthiriridwa mokwanira. Mvula ikagwa, ntchito ndi yowokera ndi kuthira feteleza. Kenaka kudula nsonga, kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika m'chigafa. Apa ndi pomwe maso amaphunzira zomwe buku silingaphunzitse: kugwira tsamba n'kudziwa kuti lafewa mokwanira kuti lisankhidwe osathetheka, kapena kulowa m'chigafa n'kumva ndi mphuno kuti fodya wapanikizana ndipo wayamba kuola.

Palinso ntchito ya pepala. Amalemba maina a alimi, kukula kwa munda ndi matumba a feteleza omwe aliyense watenga. Amakumbutsa za kubzala mitengo, popeza zigafa zimadya milimo yambiri, komanso kuti ana asagwiritsidwe ntchito m'munda wa fodya. Malipoti amalembedwa m'Chipwitikizi, koma kumunda amalankhula Chichewa, choncho mwana wa kuderali amakhala ndi mwayi woposa wochokera kutali. Kudziwa kuyendetsa njinga yamoto n'kofunikanso, chifukwa nthawi ya dzinja misewu yochokera ku Furancungo, m'boma la Macanga, kupita kumidzi imaterera koopsa.

Gawo lovuta kwenikweni limabwera msika ukatsegulidwa, kuyambira cha mu Epulo. Mlimi akaona kuti fodya wake wapatsidwa giredi yotsika, amayamba kudandaulira mlangizi yemwe wakhala akudya naye nsima chaka chonse. Tsangano ili pamalire ndi Malawi, ndiye chiyeso chogulitsa fodya kwina ngongole isanabwezedwe chimakhalapo. N'chifukwa chake olemba ntchito amayang'ana kwambiri ngati wophunzirayo amatha kunena zoona kwa mlimi ndi kwa bwana mofanana, ndiponso ngati mabelo omwe analosera mu Januwale ndi omwe afikadi pa sikelo.