THUKUTA LOGULA: AMBIRI AYAMBA MU JANUWALE, OCEPA AFIKA MU MALICHI

Wolemba Mtolankhani Wathu

MWEZI wa Januwale ukafika, kuno kumudzi khasu silipuma. Mvula ili pakati, udzu ukulimbana ndi cimanga, ndipo munthu aliyense wa mphamvu zace amalawirira kumunda kukapalira. Pobwerako thukuta lili kamu-kamu, ndipo palibe womulipiritsa cifukwa ca thukutalo.

Koma m'mizinda ikulu-ikulu ya ku America ndi ku England, monga New York ndi London, mwezi womwewu anthu amaima pa mzere, ndalama zili m'manja, kuti akagule thukuta. Kumene amapita ndi ku nyumba zocitiramo masewera olimbitsa thupi, zochedwa jimu.

M'nyumbazi muli zitsulo zolemera zonyamula, njinga zimene munthu amapalasa koma sizicoka pamalo, ndi makina a lamba woyenda ndi magetsi amene munthu amathamangapo osapita kuli konse. Wofuna kulowamo amalembetsa dzina, nalipira mwezi ndi mwezi.

Kumaiko amenewo Januwale ndi nthawi ya cisanu coopsa, kotero kuthamanga panja n'kobvuta. Ndiponso anthu amakhala atangocoka pa madyerero a Khrisimasi, malamba atayamba kuthina. Pa tsiku loyamba la caka ambiri amalonjeza mumtima kuti caka cino acepetsa thupi, ndipo m'mawa mwace amapezeka pa khomo la jimu.

ENI MALO NDI ALENDO

Zotsatira zace n'zakuti m'masabata oyamba a caka nyumbazi zimadzaza ngati msika wa pa mapeto a mwezi. Amene akhala akupitako zaka zambiri amadandaula kuti akudikira nthawi yaitali kuti apeze makina, kuti atsopano sabweza zitsulo m'malo mwace, ndi kuti sapukuta thukuta lao pa mipando. Amatonthozana okha-okha kuti pofika Febuluwale malo adzapezeka.

Naye mlendo ali ndi mtolo wace. Sadziwa kagwiridwe ka makina, acita manyazi kufunsa, ndipo ayesa kuti maso onse ali pa mimba yace. Pofuna kuonetsa camuna, amanyamula citsulo coposa msinkhu wace. M'mawa mwace thupi lonse liphwanya, ndipo amanena kuti apumeko tsiku limodzi. Tsiku limodzilo limabala sabata, sabata nilibala mwezi.

Kodi ndi angati amene amasunga lonjezo lao? Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, katswiri wina wa pa University of Scranton ku America, a John Norcross, anatsatira anthu 200 amene analonjeza zosiyana-siyana pa caka catsopano. Patapita sabata imodzi, anthu 77 mwa 100 ali onse anali cigwirire lonjezo lao. Patapita zaka ziwiri anatsala 19 cabe.

KULIPIRA OSAPITAKO

Cobvuta cina ndi ndalama. M'caka ca 2006 akatswiri awiri a za cuma, a Stefano DellaVigna ndi mai Ulrike Malmendier, anafalitsa zimene anapeza atasanthula mabuku a majimu atatu a ku America, momwe munali maina a anthu oposa 7,000.

Anapeza kuti anthu amene anali kulipira madola oposa 70 pa mwezi anali kupitako kanai kokha kapena kupitirirapo pang'ono pa mwezi wonse. Ndiye kuti ulendo uli wonse unali kuwadyera madola oposa 17, pamene pa khomo pomwepo panali matikiti a madola 10 pa ulendo umodzi. Ndiponso munthu akaleka kupitako, panali kupita miyezi iwiri ndi masiku asanafafanizitse dzina lace, ndalama zikucotsedwabe.

Akatswiriwa anati gwero lace n'lakuti munthu polembetsa amadzikhulupirira mopitirira muyeso. Amaona munthu amene afuna kudzakhala, osati amene ali lero. Eni majimu amadziwa bwino khalidwe limeneli, n'cifukwa cace ambiri amalemba anthu oculuka kuposa amene angakwane m'nyumbamo tsiku limodzi. Afanana ndi mwini basi amene agulitsa matikiti oposa mipando, podziwa kuti ena sadzafika pa siteshoni.

CINALI CILANGO

Okalamba angadabwe kumva kuti makina othamangirapo aja ali ndi kholo lao m'ndende. M'caka ca 1818 mmisiri wina wa ku England, a William Cubitt, anapanga gudumu lalikulu lokhala ndi makwerero, limene akaidi anali kuliponda kwa maola ambiri pa tsiku. M'ndende zina gudumulo linali kupera tirigu kapena kupopa madzi. Cilangoci cinathetsedwa pambuyo pa lamulo la ndende la caka ca 1898. Lero zidzukulu za dziko lomwelo zimalipira kuti ziponde makina ofanana nalo.

Komabe tisafulumire kuwaseka. Anthuwa akuthawa cirombo ceni-ceni. Munthu amene acoka pa bedi kulowa m'galimoto, kucoka m'galimoto kukhala pa mpando tsiku lonse, thupi lace limayamba kumuukira. Matenda a mtima, a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufa ziwalo amakonda munthu wotere.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, la WHO, linalengeza kuti m'caka ca 2022 pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali onse pa dziko sanali kugwiritsa nchito thupi lace mokwanira. Bungweli limalangiza kuti munthu wamkulu azicita nchito yotenthetsa thupi, monga kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi nchito yolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Mphindi 150 ndi theka la ola pa tsiku kwa masiku asanu.

NKHANIYI YAFIKA KWATHU

Mwina wina angafunse kuti zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi. Yankho lili m'nyumba zathu zomwe. Mabanja ambiri ali ndi mwana ku Lusaka kapena ku Migodi, ndipo majimu anafika kale m'mizinda imeneyi. Mwana amene anakula akutunga madzi ndi kukusa ng'ombe, lero atandala pa mpando wa mu ofesi.

Kufufuza kumene Unduna wa Zaumoyo unacita mothandizana ndi WHO m'caka ca 2017 kunaonetsa kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu muno m'Zambia anali ndi bvuto la kuthamanga kwa magazi. Nthendayi imayenda mwakacetecete, ndipo ambiri amaidziwa atagwa kale. Siisankha a m'tauni okha iai. Mphunzitsi, kalaliki, mwini golosale ndi bambo wopuma pa nchito, onsewa angakhale pakati pa mudzi koma thupi lili khale.

Tsono lonjezo la caka catsopano si cinthu copusa. A Norcross omwe aja ndi anzao, pa kufufuza kwina kumene kunafalitsidwa m'caka ca 2002, anapeza kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, anthu 46 mwa 100 amene analonjeza anali kupambanabe, pamene mwa amene anangolakalaka kusintha osalonjeza, opambana anali 4 okha. Colakwika si kulonjeza, koma kayambidwe.

MASIKU 66

Pa kufufuza kumene kunafalitsidwa m'caka ca 2009, mai Phillippa Lally ndi anzao a pa University College London anayesa anthu 96, kufuna kudziwa kuti cizolowezi catsopano cimatenga masiku angati kuti cikhazikike. Ena cinawatengera masiku 18, ena masiku oposa 200, koma pakati-kati panali masiku 66. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuononga kanthu, malinga munthu abwerere m'mawa mwace.

Werengani masiku 66 kucokera pa 1 Januwale, mudzafika pa 7 Malichi, mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni utapita kale. Ambiri mwa odzaza majimu aja amakhala ataleka nthawi imeneyi isanakwane. Amazula mbeu pofuna kuona ngati yagwira mizu.

Mlimi ali yense adziwa kuti munda supaliridwa tsiku limodzi. Amene afuna kutsiriza ekala yonse pa Lolemba, pa Laciwiri agona ndi msana. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Cotero inu makolo, mwana wanu wa m'tauni akakuuzani kuti walembetsa ku jimu, musamunyoze kuti akutaya ndalama. Mufunseni kuti wapitako kangati sabata ino. Mulangizeni ayambe ndi zocepa, apeze mnzace woyenda naye, ndipo asasaine cipangano ca caka conse asanayese mwezi umodzi. Ngati ndalama palibe, mseu ndi waulere: atsike basi patali pang'ono ndi ku nchito, natsirize ndi miyendo.

Ndipo inu nonse amene zaka zapitako, kapena thupi lakula, yambani mwapita ku cipatala ca kufupi kuti akupimeni magazi musanayambe masewera olemetsa. Kupimako sikutenga nthawi, koma kungapulumutse moyo.